Injini ya minibasi yatopa: muikonze, muichite ovaholo kapena mugule ina?

Foni ya dalaivala ikalira masana, nthawi imene minibasi imayenera kukhala ili pamsewu, mwini galimoto amadziwiratu kuti si ya moni. Mawu ake sasintha kawirikawiri: "Bwana, galimoto yawira pa Kameza," kapena, "Bwana, injini yayamba kugogoda." Pofika madzulo galimoto yakokedwa kupita ku galaja, mpando wakutsogolo wanyamulidwa, ndipo anthu atatu aizungulira injini, aliyense ndi maganizo ake. Wina akuti ndi gasiketi chabe, kachotsekera kamene kamakhala pakati pa hedi (mutu wa injini) ndi buloko (thupi lake), wina akuti pakufunika ovaholo, kutanthauza kumasula injini yonse n'kusintha zonse zimene zatha, wachitatu akuti mnzake ku Limbe ali ndi injini yochokera ku Japan yongotsitsidwa kumene. Malangizo awa ndalembera munthu amene waima pakati pa atatuwo, amene ndalama zake sizikwanira kulakwitsa kawiri. Ndaganizira makamaka magalimoto amene adzaza misewu ya Blantyre, monga Toyota HiAce, Nissan Caravan, Mazda Bongo ndi Nissan Vanette, kaya ndi onyamula anthu kapena katundu.

Choyamba, kanani kuti injiniyo itsegulidwe tsiku lomwelo. Injini ikadali yolumikizana imatheka kuyezedwa, ndipo imaloza yokha pamene pali vuto. Ikangomasulidwa n'kuyalidwa pa lona, umboni wambiri umatayika, galimoto singasunthenso kupita kwa makaniko wina, ndipo mwini wake amatsala opanda mphamvu yokana mtengo uliwonse umene wauzidwa. Auzeni amisiriwo mwaulemu kuti: "Achimwene, ntchito yoyeza ndilipira payokha, koma kumasula kuyambe titaona zotsatira." Makaniko wodziwa ntchito yake sakhumudwa ndi mawu amenewa.

Kenako khalani pansi ndi dalaivala, ndipo ngati n'kotheka kondakitala mumufunse payekha. Musayambe ndi kukalipa, chifukwa munthu amene akuopa kuchotsedwa ntchito amabisa chinthu chenicheni chimene mukuchifuna. Mufunseni ngati singano ya kutentha inafika pofiira, ndiponso mtunda umene anayendabe itafika pamenepo. Ngati nyali ya oyilo inayaka. Kuti masabata apitawa amathira madzi kangati pa tsiku ndi oyilo wochuluka bwanji pa sabata. Komanso ngati panthawi imene mafuta anasowa anagulako a m'zigubu za m'mbali mwa msewu. Mayankho ake amasiyanitsa ngozi yadzidzidzi ndi ukalamba. Injini imene dzulo inali ndi mphamvu, lero n'kuwira chifukwa paipi ya madzi yaphulika, kawirikawiri imakonzeka. Koma imene kwa chaka chathunthu yakhala ikumwa oyilo, kuvuta kulira m'mawa wa mwezi wa June ndi kukwera zitunda za ku Bangwe ndi giya yoyamba, yatopa thupi lonse, ndipo gasiketi yatsopano siingaibwezere unyamata.

Gawo lotsatira silifuna chida china koma maso, makutu, beseni loyera ndi dzuwa. Injini itazizira, solani chitsulo choyezera oyilo. Pa injini ya dizilo oyilo wakuda bii asakuopseni, ndi mmene amakhalira. Woopsa ndi wooneka ngati tiyi wamkaka, chifukwa zikatero madzi asakanikirana naye. Tsegulani chivindikiro cha radiyeta injini isanatenthe, onani ngati pamwamba pa madzi pakuyandama oyilo, kenako muilize chivindikirocho chili chotsegula. Thovu lotuluka mosalekeza, kapena paipi yapamwamba ya radiyeta kuuma gwa ngati tayala patangopita mphindi zochepa chivindikiro chitabwezeredwa, zikutanthauza kuti mpweya wa m'masilinda ukulowa m'madzi kudzera pa gasiketi yopsa kapena hedi yosweka.

Mukatero khetsani oyilo yense m'beseni lija ndipo mulitengere panja. Lipendeketseni pang'onopang'ono padzuwa mpaka oyilo atsetsereke n'kusiya zotsalira pansi. Mukaona tizitsulo tonyezimira ngati mamba a usipa, makamaka tofiirira ngati kopa, dziwani kuti maberingi adyeka, ndipo tizitsulo tomweto tayenda kale m'njira zonse za oyilo. Dulaninso fyuluta ya oyilo ndi kutambasula pepala lake lam'kati, poti kumeneko ndi kumene zambiri zimakodwa. Ntchito imeneyi ndi ya mphindi makumi awiri, koma ndaona anthu ambiri akuilumpha n'kuthamangira kugula gasiketi.

Utsi nawo umalankhula, ngakhale kuti anthu amaumva molakwika. Utsi wakuda pa dizilo nthawi zambiri si imfa ya injini. Umachokera ku mafuta ochuluka kapena mpweya wochepa, ndiye yambani ndi fyuluta ya mpweya, manozo (timipopi topopera dizilo m'masilinda) ndi pampu ya dizilo. Utsi wabuluu ndi oyilo amene akupsa. Ukatuluka pongoliza m'mawa n'kutha, olakwa angakhale timphira ta mavalavu, ntchito yaing'ono; ukatuluka tsiku lonse, makamaka pokwera chitunda, ganizirani maringi kapena turbo ngati ilipo. Utsi woyera wosanunkha kwambiri umene sutha injini ikatentha ndi nthunzi ya madzi, pamene woyera woluma m'maso ndi dizilo wosapsa. Pali kachiyeso kena kamene amakaniko akale amakakonda: injini itatentha ndipo ikulira payokha, masulani chivindikiro chothirira oyilo n'kuchisiya pakamwa pake osachimanga. Chikamangonjenjemera pang'ono, palibe chodandaulitsa. Chikamavina, kudumpha n'kugwa pansi, utsi ukufwamphuka ngati m'ng'anjo ya makala, maringi ndi masilinda atha.

Pa nkhani ya kugogoda pamafunika kudekha, chifukwa nozo yoonongeka imagogoda mofanana kwambiri ndi beringi, ndipo injini zabwinobwino zamasulidwapo pa chifukwa chimenechi. Pa injini zakale za pampu wamba, monga 3L ndi 5L za Toyota kapena TD27 ya Nissan, makaniko amamasula paipi ya nozo imodzi imodzi kuti apeze silinda imene ikugogoda, kenako amasinthanitsa nozoyo ndi ya silinda ina. Phokoso likasamuka pamodzi ndi nozo, injini ilibe mlandu. Izi siziyenera kuchitika pa injini zatsopano za dizilo zoyendera kompyuta, zotchedwa common rail, monga 2KD ndi 1KD, chifukwa mafuta ake amayenda ndi mphamvu yokhoza kuboola khungu la munthu; zimenezo zimayezedwa ndi kompyuta.

Tsopano pabwere mageji, ndipo apa ndi pamene ndalama yanu yoyamba iyenera kupita. Kuyeza compression, mphamvu imene silinda imapanikizira mpweya, kumachitika injini itatentha, batire ili yodzaza, pochotsa mapulagi pa petulo kapena maheater (mapulagi otenthetsa poliza) pa dizilo, ndipo inu muimirire pomwepo ndi cholembera kuti nambala ya silinda iliyonse ilembedwe. Buku la Toyota limapereka 32 kgf/cm² ngati mulingo wa injini za 2L, 3L ndi 5L, 20 ngati malire otsikitsitsa, ndipo kusiyana kwa masilinda kusapitirire 5. Injini za petulo monga 1RZ, 2RZ kapena F8 ya Bongo zimawerenga manambala otsika kwambiri kuposa amenewa, cha m'ma 10 mpaka 13 zikakhala zabwino. Kumbukirani kuti Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, kumene mpweya ndi wopepukirapo, choncho geji imawerenga motsika ndi gawo limodzi mwa magawo khumi poyerekeza ndi za m'buku. Chofunika kwambiri ndi mmene manambala anayiwo akuyenderana. Masilinda awiri oyandikana akatsika pamodzi, ena awiri ali bwino, nthawi zambiri gasiketi yapsa pakati pawo. Imodzi yokha ikatsika, ndi valavu, ringi yothyoka kapena pisitoni. Onse anayi akatsika mofanana, ndi ukalamba. Pa petulo, kuthira kasupuni ka oyilo m'silinda yotsikayo n'kuyezanso kumathandiza: nambala ikakwera, vuto ndi maringi, ikakhala pomwepo, vuto lili m'hedi. Pa dizilo musalole chiyeso chimenechi kwa munthu wosazolowera, chifukwa malo otsala pamwamba pa pisitoni ndi ochepa kwambiri.

Geji yachiwiri ndi ya mphamvu ya oyilo, yomangidwa pamalo pa switch ya nyali ya oyilo ija. Injini ikazizira pafupifupi iliyonse imaonetsa nambala yabwino, choncho dikirani itenthe bwinobwino. Singano ikagwa pafupi ndi ziro injini ikulira payokha, ndipo ikalephera kufika cha pa 3 kgf/cm² mutaponda mafuta kufika 3,000 rpm, kunsi kwa injini kwatha, kapena pampu ya oyilo yafooka, kapena sefa ya m'sampu, chotengera oyilo cha pansi pa injini, yatsekeka ndi matope a oyilo wakale. Kutsitsa sampu kuti muone zimenezi ndi ntchito yotchipa poyerekeza ndi kutsitsa injini.

Musanasankhe chilichonse mwa zitatu zija, isiyeni kaye injini, mulowe pansi pa galimoto ndi tochi ndi sikuludalaivala. Bayani chasisi pamene pamangidwa masipuling'i, pansi pa chitseko chokoka, pamasitepe ndi pansi pa mapazi a dalaivala. Funsani mtima wanu za giyabokosi imene imatulutsa giya yachitatu, difu imene imalira, mawaya olumikizalumikiza, ndiponso ngati galimotoyo ingapambane COF yotsatira, chiyeso choona ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu, popanda kupempha chifundo. Chitsulo chikamaboka ndi sikuludalaivala, kuika injini yabwino m'thupi limenelo ndi kuthira madzi m'dengu. Pamenepo njira yachinayi, imene eni ambiri safuna kuimva, ndi kugulitsa galimoto mmene ililimo kapena kuigulitsa m'zidutswa.

Kukonza kokha kumayenera pamene compression ili bwino kapena yatsika pa chifukwa chimodzi chodziwika, mphamvu ya oyilo ili bwino, ndipo m'beseni munalibe zonyezimira. M'gulu limeneli muli gasiketi yopsa, mavalavu, manozo, pampu ya mafuta, timphira todontha, ngakhalenso timing belt yoduka, imene pa injini za L (2L, 3L ndi 5L) imapinda mavalavu koma kawirikawiri imasiya kunsi kuli bwino. Hedi ikachotsedwa, isabwerere isanapite kwa amisiri a makina kuti akaone ngati yapindika ndiponso akaiyeze ndi mphamvu ya madzi ngati ili ndi ming'alu. Hedi za aluminiyamu, monga ya 1KZ, sizipirira kuwira, ndipo mng'alu wake nthawi zina suoneka ndi maso. Kusikima hedi yosweka ndi kutaya ndalama.

Pano ndinene zanga, chifukwa ndinaphunzira ndi thumba langa. HiAce yanga ya 3L inawira tsiku lina ikukwera kuchokera ku Thabwa, msewu wa ku Chikwawa, pamene galimoto imachoka ku chigwa chotentha cha Shire n'kukwera mamita mazanamazana m'makilomita ochepa, yodzaza anthu ndi matumba. Pa galaja ina anasintha gasiketi, anasikima hedi, ndinalipira, ndipo patatha milungu isanu inawiranso pa chitunda chomwecho. Ulendo wachiwiri mkulu wina wachikulire sanayambe ndi hedi. Anailiza injini mpaka itatentha, anaizimitsa, nayendetsa chikhatho chake pa radiyeta kuchokera mbali ina kufika ina. "Bwana, gwirani apa," anatero. M'mbali munali motentha, koma pakati ponse panali pozizira ngati mtsuko: timapaipi tapakati tinali titatsekeka ndi dzimbiri la madzi a pampopi ndi a pachitsime amene akhala akuthiridwa kwa zaka. Thermostat, kavalavu kolamulira kuyenda kwa madzi malinga ndi kutentha kwa injini, munalibemo, wina anaichotsa kalekale pokhulupirira kuti kwathu kuno n'kotentha, ndipo fani imazungulira mwaulesi chifukwa kalachi yake inali itafa. Gasiketi sinali matenda, inali chilonda chabe cha matendawo. Kuyambira pamenepo, njira iliyonse imene ndasankha, ndimayamba ndafunsa chimene chinapha injini, chifukwa radiyeta yotsekeka, fyuluta ya mpweya yobooka kapena nozo yodontha zimapha injini yachiwiri mofanana ndi yoyamba.

Ovaholo imayenera pamene injini yatha ndi ukalamba koma mafupa ake, buloko ndi crankshaft, akadali amoyo. Vuto ndi lakuti mawu akuti ovaholo amatanthauza zinthu zosiyana kwa anthu osiyana. Ena amangoika maringi ndi maberingi atsopano m'masilinda akale osayeza, n'kuitcha ovaholo. Injini yotero imakhala bwino miyezi ingapo kenako utsi umabwerera, chifukwa ringi yozungulira bwino siingatseke silinda imene yadyeka n'kukhala ngati dzira. Ovaholo yeniyeni imayamba ndi kutsuka ndi kuyeza. Buloko, crankshaft, makonirodi ndi hedi zipite kwa amisiri a makina, ndipo mupite nawo inu mwini, poti kandimverere anakanena za m'maluwa. Pemphani kuti manambala alembedwe papepala: kukula kwa silinda iliyonse pamwamba, pakati ndi pansi, ndi kukula kwa malo onse a maberingi pa crankshaft. Yendetsani chikhadabo chanu pamalo amenewo. Chikakodwa mu mzere, crankshaft iyenera kupalidwa. Ikapalidwa imafuna maberingi a saizi yofanana ndi mmene yachepera, kawirikawiri 0.25 mm kapena 0.50 mm, ndipo masilinda akabowedwa amafuna mapisitoni okulirapo, nthawi zambiri ndi 0.50 mm. Ngati injiniyo inabowedwapo kale mpaka pamalire, njira yotsala ndi kuika masilivu, zikopa zachitsulo zatsopano m'kati mwa masilinda, ndipo pamenepo mtengo umayamba kuyandikira wa injini ina.

N'chifukwa chake simuyenera kugula mapisitoni, maringi kapena maberingi kuyeza kusanachitike, ngakhale mitengo ikukwera tsiku ndi tsiku. Zinthu zimenezi zimachokera kunja, ndipo aliyense amene anagula masipeya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, akudziwa kuti mtengo wa Lolemba sukhala wa Lachisanu. Masaizi akangodziwika, gulani zonse tsiku limodzi, inu mwini, ndi malisiti. M'masitolo a ku Limbe ndi pamsika wa Ndirande mumapezeka zenizeni, zapakatikati ndi zachinyengo, zina m'mabokosi ofanana ndendende. Pa gasiketi ya hedi, maringi, maberingi ndi timing belt musafune zotchipa. Pa mndandanda muikenso pampu ya oyilo ngati yadyeka, pampu ya madzi, thermostat, kutsuka kapena kusintha radiyeta, kuyeza manozo ndi pampu ya dizilo, ndi mbale ya kalachi, popeza injini ili kale pansi. Ngati beringi inadyeka, choziziritsira oyilo ndi njira zonse za oyilo zitsukidwe mpaka kachitsulo komaliza kachoke. Ndipo funsani makaniko kuti akuonetseni torque wrench yake, sipanala yoyeza kulimba kwa bawuti. Munthu amene amamanga mabawuti a hedi ndi paipi yoonjezera pa sipanala, n'kumati dzanja lake limadziwa, asagwire injini yanu.

Maganizo anga ndi akuti pa injini zosavuta monga 3L, 5L, 1RZ, 2RZ ndi TD27, zimene masipeya ake ali ponseponse ndipo amakaniko athu anazizolowera, ovaholo yochitidwa moyenera imaposa injini yakaunjika, chifukwa mumadziwa chimene chili m'kati. Kuipa kwake ndi nthawi, komanso kuti zonse zimadalira manja a anthu awiri, wa makina ndi womanga.

Kugula injini ina kumakhala kwanzeru pamene konirodi yaboola buloko, pamene crankshaft yathyoka kapena yapalidwa kale mpaka pamapeto, pamene injini inayendetsedwa yopanda madzi mpaka kugwira osazunguliranso, kapena pamene kuwerengetsa kwa ovaholo kwafika pafupi ndi mtengo wa injini yabwino. Koma mawu akuti "yochokera ku Japan" muwamve ndi khutu lochenjera. HiAce ya maonekedwe akale inasiya kupangidwa ku Japan mu 2004, pamene inalowedwa m'malo ndi imene ku South Africa amaitcha Quantum. Choncho injini yochotsedwa mu HiAce yakale ya ku Japan ili ndi zaka zoposa makumi awiri, ndipo makilomita amene wogulitsa akutchula palibe amene angawatsimikize, poti injini ilibe wotchi yakeyake. Zina zimabweradi m'makontena kudzera ku Dar es Salaam, Beira kapena Durban. Zina zinatsitsidwa mu minibasi ya ku Chirimba mwezi watha, n'kutsukidwa ndi petulo ndi kupakidwa penti.

Pokagula tengani makaniko wanu, tochi, sipanala yaikulu ndi geji ya compression. Injini yonyezimira kwambiri ikukayikitseni, chifukwa chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere; yafumbi louma, yopanda zizindikiro za kudontha, imanena zoona kuposa yotsukidwa. Walitsani tochi pothirira oyilo: chitsulo chofiirira ngati uchi chimasonyeza kuti oyilo amasinthidwa, phala lakuda louma limasonyeza kusasamala. Onani mitu ya mabawuti a hedi ndi a sampu ngati yakandika ndi sipanala, ndi silikoni wotuluka m'mbali, zomwe zimaulula kuti inatsegulidwapo. Onani m'njira za madzi ngati muli dzimbiri lochindikala. Zungulitsani crankshaft ndi sipanala maulendo awiri athunthu, mumve ngati ikulimba ndi kumasuka mofanana kanayi, kenako ikankheni ndi kuikoka kuti muone ngati ikusewera kutsogolo ndi kumbuyo. Wogulitsa woona mtima amalola kuiliza pansi ndi batire ndi kachigubu ka mafuta, amalola kuyeza compression, ndipo ena amalola kutsitsa sampu. Wokana zonsezi wakuuzani kale yankho. Chitsimikizo chilembedwe pa lisiti: masiku angati, kuyambira tsiku logula kapena tsiku loika, ndiponso ngati adzabweza ndalama kapena adzapereka injini ina, chifukwa masiku asanu ndi awiri owerengedwa kuyambira tsiku logula amatha injini isanalire n'komwe.

Gulani injini ya mtundu womwewo pokhapokha mutakhala ndi chifukwa champhamvu. Kuchoka pa 3L kupita pa 5L n'kosavuta kwenikweni popeza ndi banja limodzi, ngakhale kuti 5L-E ili ndi pampu yoyendera kompyuta imene imafuna mawaya ake. Kuchoka pa petulo kupita pa dizilo, kapena kuika 1KZ kapena 2KD m'malo mwa injini wamba, kumakoka zinthu zambiri: kompyuta, mawaya, zomangira injini, ekizozi, mapaipi a mafuta, nthawi zina giyabokosi ndi difu. Ndalama zimathera m'tinthu ting'onoting'ono timene palibe anatiwerengera. Ngakhale injini ya mtundu womwewo imasiyana sampu, manifodi ndi zomangira malinga ndi galimoto imene inachokera, monga Hilux kapena Dyna, choncho musagulitse injini yakale yatsopanoyo isanalire, popeza mudzafuna kusamutsa zina. Isanalowe m'galimoto, ikani timing belt yatsopano ngati ndi ya lamba, poti pa injini za L lamba amasinthidwa pa makilomita 100,000 ndipo simukudziwa kuti ameneyo wayenda angati. Sinthaninso kamphira ka kumbuyo kwa crankshaft ndi thermostat, zinthu zotchipa injini ili pansi koma zodula ikakwera.

Mukakhala ndi mitengo yonse itatu papepala, wonjezerani chinthu chimene eni ambiri amaiwala: masiku amene galimoto idzakhale itaima. Tiyerekeze kuti minibasi yanu imakusiyirani K60,000 pa tsiku mutachotsa mafuta ndi malipiro. Ovaholo ikatenga masiku 21 ndipo kuika injini ina kukatenga masiku 4, kusiyana kwa masiku 17 ndi K1,020,000, ndalama imene siioneka pa lisiti lililonse koma imachoka m'thumba lanu ndithu, osawerengera dalaivala wabwino amene angapeze galimoto ina podikira. Kwa munthu amene veni yake imangonyamula katundu wa shopu kawiri pa sabata, masiku amenewa salemera chimodzimodzi, ndipo ovaholo yodekha imamuyenera. Pa mtengo wa ovaholo onjezerani kagawo ka zodzidzimutsa, chifukwa injini ikatsegulidwa sipalephera kupezeka china; pa mtengo wa injini ina onjezerani kuika, oyilo, mafyuluta, lamba, za radiyeta ndi za mapepala. Kenako dzifunseni kuti galimotoyo mukufuna kukhala nayo zaka zingati. Ngati ndi chaka chimodzi, njira yotchipa imene ingaiyendetse moona mtima ndi yokwanira; ngati ndi zaka zisanu, lipirani ntchito imene mungaidalire.

Ngati mwasankha kugula ina, za mapepala musazisiye kumapeto. Nambala ya injini imalembedwa m'mapepala a galimoto, ndipo ikasiyana ndi imene ili pa buloko mudzavutika pa COF, pa inshulansi, pa zipata za apolisi ndi tsiku logulitsa galimoto. Musanalipire, pukutani pamene pali nambala, muiwerenge nokha, ndipo muonetsetse kuti yalembedwa pa lisiti pamodzi ndi dzina la wogulitsa. Nambala yopalidwa kapena yokhomedwanso ndi chifukwa chokwanira chochokera pamalopo, ngakhale mtengo ukhale wokoma bwanji. Funsani mapepala osonyeza kuti inalowa m'dziko movomerezeka kudzera ku MRA, kapena a galimoto imene inachotsedwamo, ndipo pitani ku ofesi ya Road Traffic kuti kusinthako kulembedwe.

Injini ya ovaholo ikalira koyamba, nyali ya oyilo izime m'masekondi ochepa. Ikapanda kuzima, zimitsani nthawi yomweyo. Mpweya wonse utulutsidwe m'njira za madzi, makamaka pa magalimoto amene ali ndi mapaipi aatali opita ku heater yakumbuyo, ndipo muthire madzi osakaniza ndi coolant, osati a pampopi okha. Makilomita 1,000 oyamba galimoto iyende ndi katundu wopepuka, liwiro losinthasintha, osaikakamiza pa giya yaikulu pachitunda komanso osaisiya ikulira payokha kwa maola pa siteji ya Mibawa kapena ku Limbe podikira kudzaza. Ikakwanitsa mtunda umenewo sinthani oyilo ndi fyuluta, yang'ananinso beseni padzuwa, ndipo makaniko aonenso mipata ya mavalavu ndi paliponse pamene pangadonthe. Pa masabata amenewa tsitsani tageti ya dalaivala ndipo mumuuze momveka kuti tsiku limene adzaimitse galimoto chifukwa singano yakwera, ndalama ya tsikulo simudzamufunsa. Ulendo wa ku Chikwawa udikire mpaka oyilo woyamba atasinthidwa, ndipo tsiku loyamba kukwera Thabwa mukhale nawo pampando wakutsogolo, maso pa singano.